Tsiku Limene Ndinabereka Laputopu ya Adadi

Nkhani iyi sindinaifotokozepo kwa anzanga a kusukulu, ndipo m'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, tsamba la Loweruka limenelo ndinangolembapo kuti, "Lero ayi." Ndikuilemba tsopano chifukwa kuno ku Mitundu anthu ayamba kuikamba mokhotakhota, ena mpaka akuti ndili ndi mwana ku Nathenje. Ndilibe mwana. Chonde ndimvereni kaye.

Adadi ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Nyimbo amapeka okha. Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, ndipo mawu anayamba kutuluka limodzilimodzi, ngati munthu akusankha miyala mu mpunga. Kuyimba kunatha. Panyumba pathu, pamene kale tinkadzutsidwa ndi besi ya adadi kubafa, panangoti zii.

Chimene chinawatsalira ndi kompyuta yawo yakale. Munali kapulogalamu kolembera nyimbo: ukalemba do, re, mi, iko kamakuyimbira ndi mawu onga a limba. Koma tsiku lina magetsi anabwera ndi ukali, kompyuta ija inanunkha ngati pulasitiki yopserera, n'kuzima osadzukanso.

Msuweni wanga, asisi Tadala, amakonza mafoni ndi makompyuta ku Nathenje. Iwo ndi amene anabwera ndi laputopu yatsopano. Vuto linali lakuti kapulogalamu ka adadi kanakana kugwira ntchito pa sisitimu yatsopano (sisitimu ndiyo pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m'kompyuta), ndipo sisitimu yakale nayo inakana kukhala pa purosesa yatsopano, umene ndi ubongo wa makinawo. Zinali ngati nkhalamba ziwiri zimene zapangana kuti sizisamuka pamudzi.

Asisi anati mwina adadi angophunzira pulogalamu ina ya masiku ano. Adadi anangoyang'ana dzanja lawo lamanja lili pa ntchafu. Asisi sanabwerezenso. Anakhala masana onse akudinadina, mpaka anaimangira sisitimu yakale ija kachipinda kakekake mkati mwa yatsopano. Ukayatsa laputopu n'kudina pakachizindikiro kena, kompyuta yakale ya adadi inkatulukira yonse pa sikirini, ndi nyimbo zawo zonse, ndi kaphokoso kake koyambira komwe kaja. Adadi atakamva anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, imene imawamverabe.

Asanachoke, asisi anandiitana.

"Iwe kamsuweni, bwera kuno, poti akuti ndiwe wa makompyuta panyumba pano. Sisitimu iyi ndi yokalamba. Amene anaipanga anasiya kale kuitumizira zoiteteza, ndiye choipa chilichonse chikalowa, ilibe podzitchinjiriza. Intaneti ndaitsekera. Fulashi ya munthu aliyense isalowemo. Wamva?"

"Ndamva."

"Aliyense. Kaya ndi abusa."

"Ndamva, asisi."

"Ndikukudziwa iwe. Munthu atakupempha nsapato uli paminga, ungavule n'kupepesa kuti ndi zakuda."

(Zoti ndine wa makompyuta zinachokera kusukulu, kumene ndinakhoza bwino mayeso a phunzirolo. Koma dziwani kuti kalasi yathu yonse inaphunzira mausi ya kompyuta poyang'ana chithunzi chimene aphunzitsi anajambula pa bolodi.)

Patapita masiku, adadi anayamba kupeka nyimbo yatsopano, yoyamba chidwalireni. Ankalemba ndi chala chimodzi cha dzanja lamanzere. Mzere umene kale ankaumaliza tiyi asanazizire, tsopano unkawatengera masiku. Ankati ikatha aipereka ku kwaya kuti idzayimbidwe Lamulungu lothokoza zokolola. Amayi anasiya kuwauza kuti apumule. Ndikuganiza kuti anaona zimene nanenso ndinaona: adadi akakhala pa laputopu paja, msana wawo unkawongoka.

Tsiku la tsoka langa, amayi anaperekeza adadi kuchipatala cha kutauni kukachita mafizo. Ndinatsala ndekha. Ndili mkati mochapa, ndinamva, "Odi kuno!"

Anali Anachisale, amene amatsogolera amayi a kwaya. Ndi mayi wamkulu, wa mawu oti akayamba nyimbo ngakhale a kunja kwa tchalitchi amadziwa tsamba. Ndinawayalira mkeka, ndinagwada, tinalonjerana.

"Adadi ako adapita kuchipatala, ndikudziwa," anatero. "Ine ndadzera iwe. Mawa tikupita ku Diamphwe, ndiye anzathu a kumeneko adapempha nyimbo zakale za aphunzitsi. Eni ake adalola kalekale, adati nyimbo n'za Mulungu."

Kenako anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje, n'kutulutsa fulashi yakuda yomangidwa kachingwe.

"Ya mdzukulu wanga iyi. Amaikitsiramo mafilimu kumsika kuja. Akuti malo alimo."

Mawu akuti "ayi" ndinawamva akukwera kuchokera m'mimba. Anafika pakhosi n'kukhala pansi.

"Asisi Tadala anati…"

"Adati chiyani?"

"Anati fulashi…"

"Eya, fulashi ndi imeneyi. Tadala wa kwa azakhali ako uja? Ndidamubereka kumsana ameneyo. Iwenso ndidakusambitsa ndine, uli kofiira, amako asanakuone n'komwe bwinobwino."

Tsono inu ndiuzeni. Munthu amene anakusambitsa uli kofiira, umayamba bwanji kumuuza kuti fulashi yake ndi yauve?

Ndinailandira ndi manja awiri. Nditaizika, laputopu inandifunsa m'Chingerezi ngati ndikufunadi kuti fulashiyo ilowe m'kachipinda ka sisitimu yakale. Ngakhale makina anandipatsa mpata wokana. Ndinavomera.

Nyimbo zinalowa bwinobwino. Anachisale anandidalitsa, anandisiyira mbatata m'kapepala, n'kumapita. Ndinapuma. Ndinayamba kuganiza kuti mwina asisi amangokokomeza, monga amachitira anthu odziwa zinthu.

Nditabwerera pa laputopu, mafoda onse a adadi anali atamera kamuvi pangodya. Ndinadina ya nyimbo zakale, sinatseguke. Ndinadina ya nyimbo yatsopano, kanthu kakuda kanangophethira pa sikirini n'kuzimiririka. Ndinadinanso. Ndinadinanso mwaulemu. Palibe.

Apa munthu wanzeru akanaimbira asisi Tadala. Foni ya adadi inali pomwepo, anaisiya pa chaji. Koma kuimba kunkatanthauza kunena ndi pakamwa panga kuti ndachita chimene anandiletsa, ndipo ine ndinaona kuti n'chapafupi kukonza ndekha mwakachetechete. Kusukulu tinaphunzira kuti vairasi imachotsedwa ndi pulogalamu yoteteza, ndipo pulogalamu yoteteza imapezeka pa intaneti. Ndinafufuza mpaka ndinapeza pamene asisi anatsekera intaneti ya kachipinda kaja. Ndinatsegula, n'kulumikiza ku foni ya adadi. (Ndivomereze kuti pamenepa ndinadzinyadira pang'ono. Ndinaganiza kuti aphunzitsi athu akanandiona akanasangalala.)

Ndinasankha pulogalamu imene inali ndi chishango chachikulu chobiriwira, yolonjeza kuti ndi yaulere ndiponso imachotsa chilichonse. Pa mfundo yachiwiriyi sinaname.

Itangolowa, timawindo tinayamba kutumphuka pa sikirini ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Kena kankati ndapambana foni. Kena kankati ndapambana galimoto. Ndikatseka kamodzi, tinkabwera tambiri. Kenako pakati penipeni panatulukira chithunzi cha mtsikana wina wovala zosambira, ndi mawu akuti ali yekhayekha ndipo ali pafupi ndi Mitundu.

"Odi! Ndayiwala ambulera!"

Ndinalumpha. Kutseka laputopu sindinakuganizire. Ndinakoka nsalu ya patebulo n'kuiphimba. Koma nsalu ya patebulo ya amayi ndi yoluka, ija ya mabowomabowo.

Anachisale anaima pakhomo, ambulera ili m'manja. Anayang'ana nsalu, anasendera pafupi, anatsinzina diso limodzi.

"Mtsikana ameneyo ngwa kuti?"

"Sindikumudziwa, mayi."

"Nanga akuti chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. "Akuti ali pafupi ndi Mitundu."

"Pafupi ndi Mitundu? Wovala choncho? Mwana wa yani?" Anapukusa mutu mwachisoni chenicheni. "June yonseyi. Ukamuona umuuze abwere kwathu, ndili ndi zitenje zongokhala."

Atachoka ndinavundukula. Mtsikana uja anali atapita. Sikirini yonse inali yofiira, ndipo mafailo a adadi, amene tsopano ankaoneka, anali ndi mayina a zilembo zosakanikirana, osawerengeka. Ndinafunafuna nyimbo yatsopano ija. Sindinathe kudziwa kuti ndi iti. Pamenepo ndiye ndinalira, ndipo sindinkalirira kukalipiridwa. Ndinkaona chala chija cha adadi chikufunafuna batani lililonse.

Ndinazimitsa foni, n'kuganiza zothamangira ku Nathenje amayi ndi adadi asanabwere. Chikwama changa cha kusukulu chinali pachingwe, chikudontha madzi. Msewu wachidule wopita ku Nathenje ndi wafumbi ndiponso wa mabampu, ndiye ndinakulunga laputopu m'thaulo, ndinaiika kumsana, n'kumanga chitenje pachifuwa. Pamwamba ndinafunditsa chitenje china kuti fumbi lisalowe. Ndinaona kuti ndachita mwanzeru.

Pasiteji ndinapeza achimwene ena a njinga yamoto. "Ku Nathenje," ndinatero, misozi ili chuchuchu. "Chonde, mwachangu."

Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana kumsana kwanga, nkhope yawo inasintha.

"Zayamba liti?"

"M'mawa womwe uno."

"Kutentha kulipo?"

Laputopu inali ikundiotchadi kumsana. Ndinagwedeza mutu.

"Kwerani, chemwali. Musalire. Mulungu alipo."

Tinali titadutsa kale midzi ingapo pamene ndinazindikira chimene achimwenewo ankaganiza. Ankaimba hutala pa ngolo iliyonse, akukuwa kuti, "Patukani, tili ndi wodwala!" Ogulitsa makala ochokera ku Dzalanyama ankatsika panjinga zawo n'kutipatsa njira. Pa mabampu ankachepetsa liwiro n'kutembenuka pang'ono: "Gwirani mutu, chemwali, gwirani mutu." Ine n'kugwira ngodya ya laputopu. Penapake anayamba kupemphera mokweza, pemphero labwino kwambiri, lotchula ana onse osalakwa. Ndinafuna kunena. Ndinatsegula pakamwa kangapo. Koma munthu akupempherera mwana wako ndi mtima wonse, umamudula pati? Ndinangoti ameni.

Ndinkayembekeza kuti tikafika pamsika ndiwalozera kashopu ka asisi. Iwo anakhotera kuchipatala, mpaka pakhonde penipeni.

"Anesi! Anesi! Mwana watentha thupi, sakulira n'komwe!"

Amayi amene anali pamzere anasendera okha. Wina anandigwira mkono kunditsitsa. Namwino anatuluka msangamsanga, anandizungulira kumbuyo, n'kuvundukula chitenje chapamwamba. Kenako thaulo.

Anayang'ana laputopu, kenako anayang'ana ine.

"Wa miyezi ingati?" anafunsa namwinoyo.

Sindinamvepo anthu odwala akuseka ngati tsiku limenelo. Agogo ena anatsokomola mpaka kuwamenya kumsana. Pamzere pomwepo panali mayi wina wa kwathu ku Mitundu, amene ndikukhulupirira kuti anangoona chiyambi cha nkhaniyi, mapeto ake n'kuwasiya dala.

Achimwene a njinga aja anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Chemwali, ndiye kuti njira yonseyi ine ndimapempherera kompyuta?"

"Pepani. Ndi ya adadi. Muli nyimbo yawo."

Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, koma sanakalipe. Anavalanso chipewa. "Basi, pemphero silitayika. Kwerani. Chipatala chake ndi chiti?"

Asisi Tadala anali akudya chimanga chootcha pakhomo pa shopu. Anandiona ndikumasula chitenje, anatsegula laputopu, anaona kufiira kuja, n'kuika chimanga pansi.

"Abusa?"

"Anachisale."

"Aaa." Anapukusa mutu. "Amenewo ndiye ngakhale ine ndikanathawira kuchimbudzi."

Ndinafotokoza zonse, mwadongosolo, osabisa ngakhale mtsikana wa zosambira. Asisi anaphimba kumaso ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akudandaula.

"Kamsuweni kanga," anatero pomaliza. "Vairasi ya m'fulashi ija imangobisa zinthu. Imapezeka m'mafulashi ambiri oikitsira mafilimu. Ukanandiimbira pamenepo, bwenzi pano tikugawana chimangachi. Koma ichi unakachiitana wekha pa intaneti chasokoneza mafailo onse mkati mwake. Amenewa satsegukanso."

Ndinagwira tebulo.

"Dikira kaye, usakomoke, kuchipatala wachokera kale. Tsiku limene ndinamanga kachipinda kaja ndinasunga kope lake lonse kuno. Ubwino wa kachipinda ndi umenewo: kakapsa, timagwetsa n'kuikapo kena. Ndipo moto sunafike ku sisitimu yatsopano."

Anachitadi zomwezo. Pasanapite nthawi, kaphokoso koyambira kaja kanalira, ndipo mafoda a adadi anabwerera opanda timivi. Nyimbo zakale zonse zinalipo. Ndinayang'ana mzere wonse mpaka pansi, ndinabwereranso pamwamba.

"Nanga yatsopano?"

Asisi sanandiyang'ane. "Amalume anaiyamba nditasunga kale kope lija. Mulibe." Kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Nanenso ndili ndi mbali yanga. Ndimati ndibwera kudzasunganso, ndimangoti mawa."

Anatseka mabowo a fulashi kuti kachipinda kaja kasamawaonenso, ndipo pa intaneti anaikapo mawu achinsinsi amene anakana kundiuza. Laputopu anandiikira m'katoni. "Iyi unyamule pamiyendo," anatero, "ngati katundu."

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi anali atabwera kale ndipo anali atafunsa nyumba zonse zoyandikana nafe. Adadi anakhala pakhonde, atatopa ndi mafizo. Ndinagwada patsogolo pawo ndi katoni yanga, n'kunena. Za kuchipatala ndinadumpha. Zina zonse ndinanena.

Amayi anayamba: "Pakamwa pakopo anakupatsira chiyani Mulungu? Kudyera basi?" Koma adadi anakweza dzanja lamanzere, amayi n'kusiya.

"Yonse?" anafunsa adadi.

"Yonse."

Anayang'ana kumunda kumene mapesi anali ataunjikidwa. Kenako anayesa kuiyimba. Anatsegula pakamwa, panatuluka mawu amodzi okhota, ena osamveka, ndiye basi. Anayesanso. Anagogoda pa ntchafu ndi chala kufuna kupeza kayendedwe kake, chala n'kuima panjira. Chidwalireni, zinthu zimawathawa m'mutu zigawozigawo, n'chifukwa chake ankalemba mzere uliwonse ukangobwera. Ndinaona msana wawo ukubwerera pampando pang'onopang'ono. Ndikanakonda akanandimenya.

"Adadi," ndinatero, ndipo mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina. "Ine ndimaidziwa pang'ono."

Zinali zoona. Miyezi yonseyi kalimba ka m'kompyuta kankabwereza mzere uliwonse kambirimbiri, ine ndikutsuka mbale kuseri kwa khoma. Koma sindinayimbepo pamaso pa munthu. Kutchalitchi ndimangoyendetsa milomo.

Tinalowa m'nyumba. Adadi anakhala pa laputopu, chala chili m'mwamba. Ndinayesa kuyamba ndikuwayang'ana, sizinatheke. Ndinapempha ngati ndingatembenuke. Choncho ndinayimba nditayang'ana kukhoma, mphuno ili pafupi ndi kalendala.

Mzere woyamba unadutsa. Kumbuyo kwanga ndinkamva batani, kenako batani lina. Wachiwiri unadutsa. Pa wachitatu, pamene nyimbo imakwera, ndinakwera nayo mmene ndinkaikumbukira.

Tebulo linalira kuti phwa!

"Fa! Osati mi! Fa!"

Ndinadzidzimuka mpaka kalendala inagwa. Anali mawu a adadi akale, aja ankanjenjemeretsa anyamata a tena, athunthu, osasankhidwa. Nditacheuka ndinapeza iwonso adabwa, dzanja likadali patebulo. Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi chipande m'manja, ndipo ankaseka, misozi ikutsikira m'khosi.

"Bwereza," anatero adadi, tsopano pang'onopang'ono. "Ukuiwononga."

Ndinabwereza. Zinapezeka kuti adadi sankatha kuikumbukira nyimbo ija paokha, koma ndikalakwitsa ankadziwa nthawi yomweyo, ndipo pokonza cholakwa changa, cholondola chinkawabwerera. Ndiye ndinalakwitsa kwambiri masiku otsatirawo, kwina mosadziwa, kwina (ndinene zoona) mwadala. Zonse sizinabwerere. Mathero ake tonse awiri anatisowa, ndipo adadi anakhala masiku ambiri ali duu asanapeke ena. Amati akale aja anali abwino kuposa awa. Ndimawakhulupirira, ndipo zimandipwetekabe.

Phunziro limene asisi Tadala amafuna ndilitenge ndi lakuti sisitimu yakale imakhala bwino m'makina atsopano pokhapokha itatsekeredwa, komanso kuti kope lizisungidwa kawirikawiri. Limenelo ndalimva. Limene amayi amafuna ndi lakuti ndiphunzire kukana. Limenelo ndikuyesetsa, koma lisanakhwime adadi anandiitana n'kundiuza kuti popeza nyimboyi ndaiwononga kokwanira moti tsopano ndikuidziwa kuposa wina aliyense, Lamulungu la zokolola ndidzaiyamba ndine, ndekha, kwaya isanalowe.

Mawu akuti "ayi" anakwera mpaka pakhosi. Adadi ankandiyang'ana, mbali ija ya pakamwa itayamba kale kumwetulira.

Ndinangofunsa ngati kutchalitchi amalola kuyimba utayang'ana kukhoma. Akuti salola.